Msomali m'Landirova ya a Elifala

Pakhomo pa a Elifala Kamtedza, m'mudzi wina wa kwa Dzoole m'boma la Dowa, padali mtengo wa mbawa, ndipo pansi pa mtengowo pankagona Landirova yobiriwira yomwe idaona masiku a Chitaganya. Utoto wake udali utasuluka ngati chitenje chochapidwa kawirikawiri, chitseko chake chimodzi chinkatsekedwa ndi mphira wa njinga, koma injini yake ikadzuka, mapiri onse a pakati pa Dowa ndi Ntchisi ankaidziwa mawu. M'dera lonselo mudalibe galimoto ina. Odwala ankapita nayo kuchipatala, mabelo a fodya ankatsika nayo kumsewu waukulu, ndipo maliro a kutali ankafika nayo kumudzi.

Galimotoyo a Elifala adaigula pomwe boma linkagulitsa zitsulo zake zotopa, chaka chimene fodya wawo wa chikopa adachita bwino kumsika. Koma kugulako kudasiya chilonda m'banja. Amene adaiyendetsa Landirovayo zaka zambiri, idakali ya alangizi a zaulimi, adali a Yeremiya, mlamu wawo, mchimwene wa mkazi wawo, mai Debora. A Yeremiya atapuma pa ntchito ankayembekeza kuti galimoto yomwe adakalamba nayo idzagona pakhomo pawo. Tsiku lomwe adaiona ikulowa m'mudzi, mlamu wawo ali pa chiwongolero, adalowa m'nyumba osapereka moni.

Tsono a Elifala adali mkamwini. Adabwera m'mudzimo ali mnyamata kudzakwatira Debora, adamangamo nyumba ya njerwa ndi zigafa zitatu, imvi zidawapeza momwemo, komabe pa nkhani za mbumba adali akadali mlendo. Ana adabereka ndi iwo, koma mwini mbumba adali a Yeremiya. Ndipo a Yeremiya sadali munthu wobisa udindo wake m'thumba. Adali wamawu okwera, wodziwadi zinthu, koma wokonda kufunsidwa koposa kuthandiza. Landirova ikamadutsa pakhomo pawo ankapendeketsa mutu ngati sing'anga akumvetsera chifuwa cha wodwala, kenaka n'kuuza aliyense amene ali pafupi kuti nkhalamba yawo ikulira mosakondwa.

Chaka chomwe tikunenachi, m'zaka zija dziko lidali ndi chipani chimodzi ndi nyumba youlutsa mawu imodzi, mwana wamkazi wa a Elifala, dzina lake Hana, adapeza banja. Mkwati adali Reinford, mphunzitsi wa ku Ntchisi. Pa zokambirana zonse za ukwati a Elifala ankakhala chakumbali ngati mpando wotsala. Atanena za ng'ombe yoti iphedwe, a Yeremiya adasankha ina. Atatchula mwezi, a Yeremiya adatchula wina. Pomaliza, pamaso pa ankhoswe a kuchimuna, a Yeremiya adaseka n'kunena kuti alamu awo asavutike ndi zambiri, mbali yawo ndi mawilo basi. Anthu adaseka nawo. A Elifala adameza mawuwo ngati munthu womeza mwala, ndipo mwalawo udakakhala pamtima.

Mawilowo sadali nkhani yaing'ono. M'mudzimo mudali kanyumba ka mapemphero chabe. Tchalitchi chomangitsira ukwati, komwe kunkakhala abusa, chidali kuseri kwa mapiri, ulendo womwe Landirova inkautha dzuwa lisanatenthe, koma wapansi ankautha litapendeka. Abusawo adanena mosapsatira kuti ukwati umangidwe Loweruka m'mawa, dzuwa lisanafike paliwombo, chifukwa masana ake pabwalo la pafupi ndi tchalitchi padzakhala msonkhano wa chipani. Masiku amenewo msonkhano wa chipani ukayamba, msika unkatsekedwa, belu silinkalira, ndipo padalibe nyimbo ina yololedwa kupikisana ndi nyimbo za pabwalopo. Kuonjezera apo, m'mawa mwake abusawo adali pa ulendo wokagawa mgonero m'mipingo ya kutali, osabwerako msanga. Mkwatibwi akachedwa, ukwati tsiku limenelo kulibe.

Sabata la ukwati lomwelo kudafika katundu wochokera ku Joni. Felton, mwana woyamba wa a Elifala, amene ankagwira ntchito ku migodi, adalephera kubwera, koma adatumiza mphatso kudzera mwa mnzake: wailesi ya m'galimoto yoimba makaseti, yonyezimira ngati kalirole, pamodzi ndi masipika awiri ndi kaseti ya nyimbo za kwaya. A Elifala ataiona mtima wawo udayamba kuwerenga. Adati mawilo basi? Chabwino. Mawilowo adzafika pa tchalitchi akuimba, ndipo anthu a ku Ntchisi adzafunsa kuti bambo wa mwanayu ndani, osati malume ake.

Lachisanu m'mawa, amai ali kalikiliki kuphika thobwa ndi kusinja, a Elifala adayala sipanala, pulayazi ndi chibowolero pa chiguduli, n'kumasula chitsulo cha kutsogolo komwe kumakhala mawotchi a galimoto. Posakhalitsa a Yeremiya adatulukira, manja kumbuyo, n'kuima chapatali.

"Alamu, ndikuona mwaing'amba pamimba nkhalamba yanga."

"Nkhalamba yanu idatsala ku boma. Iyi ndi yanga," adayankha a Elifala osadzutsa mutu.

"Ndi yanu ndithu, palibe akukana. Koma mawaya akewo amadziwa ine. Galimoto imeneyi siili ngati zinazi. Musanalumikize kanthu kalikonse, mubwere kunyumba mudzandifunse."

"Ngati pali chonena, nenani pompano."

"Wofuna moto amatenga phale n'kupita kwa mnansi. Moto suyenda wokha kukasaka wozizidwa," adatero a Yeremiya, n'kutembenuka kumapita mwaulemerero, ngati munthu amene wasiya msampha pamalo abwino.

A Elifala adaponya sipanala pansi mwamphamvu mpaka nkhuku zidabalalika. Mai Debora, amene adamva zonse ali pa mtondo, adabwera n'kuwapempha mofatsa kuti angopita, popeza kufunsa sikuchotsa munthu ndevu.

"Ng'ombe asankha ndi iwo. Tsiku asankha ndi iwo. Mwana wanga akumupereka ndi iwo. Tsono ndi waya yemwe ndikagwade pakhomo pawo? Mai a Felton, ine ndidamanga zigafa zitatu m'mudzi muno popanda kufunsa achimwene anuwo kuti njerwa imagona chotani."

Mai Debora adati ngati zili choncho apita okha kukafunsa. A Elifala adawauza kuti akapita kumeneko akakhale konko. Komabe mayiyo, ponamizira kukabwereka chipande, adadzera kwa mchimwene wawo n'kuwadandaulira kuti anene chomwe akudziwa, chifukwa galimotoyo ndiyo miyendo ya Hana. A Yeremiya adangoti mwamuna wawoyo ali ndi miyendo yake ndi pakamwa pake, ndipo nkhani za zitsulo satumira mkazi. Mai Debora adabwerera ku mtondo ali ndi ukali, ndipo chimanga cha mumtondo ndicho chidalipa mlandu wa amuna awiriwo.

Tisawanamizire a Elifala, manja awo adali aluso. Adapinda tizitsulo tiwiri, adaboola, n'kuimanga wailesiyo zolimba pansi pa mawotchi, chitsulo kukhudza chitsulo, poti m'misewu ya kumapiri chinthu cholendewera sichikhala. Masipika adawakhomera timabokosi ta matabwa kuseri kwa mipando. Kudatsala mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Iwo adaonapo m'lole ya wamalonda wina ku Mponela kuti wakuda amamangidwa ku chitsulo cha galimoto, wofiira n'kupita komwe kuli moto wa batire. Adachita chimodzimodzi. Wakuda adamumanga pa bawuti, wofiira adamulumikiza kuseri kwa pa kiyi, pomwe moto suchoka usana ndi usiku.

Pakati pa waya wofiirayo padali kabotolo kakang'ono kagalasi, kokhala ndi kaulusi ka chitsulo m'kati, komwe amati fyuzi. Waya atangokhudza, kadamveka kaphokoso kakang'ono, thi! Wailesi sidayake. Atatsegula adapeza galasi lada bii, kaulusi kaduka. M'bokosi mudali fyuzi ina yapadera. Adaiika, nayonso idapsa nthawi yomweyo.

Fyuzi ndi mlonda amene amafa kuti nyumba ipulumuke. Alonda awiri adafa pakhomo limodzi, onse akuloza mbali imodzi, ndipo munthu wodekha akadaima n'kudzifunsa kuti kodi chikuwapha n'chiyani. Nyumba ya a Yeremiya idali pafupi, moti munthu akatsokomola pakhonde lawo ankamveka pansi pa mbawa. A Elifala adayang'ana komweko, adaona mlamu wawo atakhala pa mpando wandalema akuyang'ana kwa iwo, ndipo mtima udawira. Adagamula kuti mafyuzi a ku Joni ndi ofooka, opangira timagalimoto ta m'tauni, osati Landirova. Adatseka zitseko n'kukalandira alendo, nkhope ili gwa.

Loweruka kudacha bwino. Ng'ombe idali itaphedwa kale, thobwa lili m'mitsuko, amai akuimba kuseri kwa nyumba pomwe ankaveka mkwatibwi. Landirova idali itatsukidwa, maluwa a mapepala atamangidwa pa galasi. Chidatsala n'kuliza injini basi. Koma a Elifala adatuluka ndi pulayazi ndi msomali, n'kuyamba kuudula kuti ufanane kutalika ndi fyuzi.

Mai Debora adawauza kuti asiye zimenezo, dzuwa likukwera. Iwo adati ndi kanthawi kochepa. Kenaka adatuluka Hana mwiniwake, atavala zoyera, aperekezi ake atamugwirira velo kuti lisakhudze pansi. Adafika pa chitseko cha galimoto n'kugwada pang'ono.

"Ababa, tiyeni tizipita. Nyimbo tiimba tokha m'njira."

"Mwana wanga sangafike pa tchalitchi mwakachetechete ngati wamasiye," adatero a Elifala. "Taima uko, ungade."

Adauika msomali uja m'malo mwa fyuzi, n'kulumikiza waya.

Msomali sufa m'malo mwa nyumba. Choyamba lidamveka fungo, lonunkha ngati mphira wotenthedwa. Kenaka utsi woyera udatuluka m'wailesi, ndipo wakuda udatsatira kuchokera kuseri kwa mawotchi. Mawaya a galimoto yakaleyo adali okutidwa ndi nsalu yomwe idamwa mafuta ndi fumbi kwa zaka zambiri, ndipo adayaka ngati udzu wa m'chilimwe. A Elifala adapotoza kiyi uku ndi uku, koma moto sudamvere kiyi, poti iwo omwe adautenga pamalo pomwe kiyi salamula. Adaupuntha ndi chipewa, chipewa chidayaka. Adagwira waya wofiira ndi manja kuti amuzule, waya adawalemba m'zikhatho mpaka adakuwa. Amai adathamanga ndi chomwe chidali pafupi, ndipo chomwe chidali pafupi lidali thobwa la ukwati. Mitsuko iwiri idakhuthulidwa pa chiwongolero. Malawi adazima, koma utsi sudaleke, mawaya adapitirira kusungunuka.

A Yeremiya adafika akuthamanga, jekete la ukwati lili m'manja. Adatsegula boneti, adatola sipanala pansi, n'kumasula waya wa pa batire. Pomwepo utsi udayamba kuchepa, ndipo pakhomo padagwa bata loopsa, moti kunkamveka thobwa lokha likudontha pansi pa galimoto.

Atabwezera waya n'kuyesa kiyi, galimoto idangoti zii. Kuseri kwa mawotchi mawaya onse adali atamatana kukhala chibuma chimodzi chakuda. A Yeremiya adanena kuti imeneyi siidzukanso lero ngakhale mawa. A Elifala, chifukwa choti wanena ndi mlamu wawo, adakana. Adalamula amuna kuti aikankhe pa chitsikiro cha kudambo, ati ilira yokha. Amuna ovala masuti adaikankha, idatsika mwakachetechete ngati bokosi la maliro, n'kukaima m'matope m'mphepete mwa mtsinje. Nthawi ina idatayika pamenepo.

Atakwera kubwerera pakhomo, amuna awiriwo adayambana poyera. A Yeremiya adati adanena, mudzi wonse ndi mboni. A Elifala adati sadanene kanthu, adangodzitama. Wina adatchula chikamwini, wina adatchula nsanje ya galimoto, ndipo mawu omwe adakhala m'mimba zaka zambiri adatuluka onse osasenda. Amene adawadula adali mai Debora, omwe chikwatiwire sadakwezepo mawu pagulu.

"Khalani chete nonse awiri. Inu abambo a Felton, mwana wakugwadirani pano kuti tizipita, inu mwasankha msomali. Inunso achimwene, ndidabwera dzulo kudzakupemphani mawu amodzi, mudawasunga ngati mbewu. Ndi mwini mbumba wanji amene amaonerera mbumba yake ikupsa kuti anthu amutame kuti adanena? Tayang'anani mwanayo. Muyang'aneni."

Hana adali ataima pakhonde, madontho a thobwa ali pa delesi, osalira.

Chidatsala ndi ngolo. Koma ng'ombe zokoka zidali zitatsekuliridwa kale kubusa, poti palibe adaganiza kuti zifunika. Pomwe ankazipeza, kuzibweretsa ndi kuzimanga m'goli, mthunzi wa mbawa udali utafupika. Mkwatibwi adakwera, ambulera ili pamutu, anthu akutsata pambuyo wapansi. Ng'ombe sizidziwa kuti abusa akudikira. Zidakwera mapiri ndi mayendedwe ake a masiku onse, ndipo fumbi lofiira la mumsewu lidakhala pa velo mpaka loyera lidasanduka la katondo. Palibe adayambitsa nyimbo.

Adafika dzuwa litapendeka. Tchalitchi chidali chotseka. Reinford ndi abale ake adadikira pansi pa mitengo kuyambira m'mamawa, ndipo abusa adadikira nawo mpaka ng'oma za pabwalo zitayamba, kenaka adakhoma chitseko n'kupita komwe aliyense ankayenera kupita. Ngolo isanaime n'komwe, ayufi, anyamata a chipani, adaizungulira n'kunena kuti anthu onsewa atsike akakhale pansi kumsonkhano. Padalibe wotsutsa. Motero Hana adakhala pa fumbi pakati pa amai, velo lili kumutu, akuomba m'manja nyimbo zomwe sizidali za ukwati wake, mkwati wake ali tsidya lina pakati pa abambo, maso ali pansi. Anthu ankalozerana ndi milomo. A Elifala adakhala kumbuyo kwenikweni, manja atakulungidwa m'mipango, ndipo poti sakadatha kuomba m'manja, mnyamata wina wa yufi adawakalipira pagulu ngati mwana.

Nyama idadyedwa, poti siikadadikira abusa, koma idadyedwa popanda nthungululu. Ankhoswe a kuchimuna adanena mawu olemera asanabwerere ku Ntchisi, ndipo padatenga kupepesa kwambiri kuti banjalo lisathere pomwepo. Ukwati udamangidwa abusa atabwerako, mvula yoyamba itagwa, pamaso pa anthu ochepa okwana pa mabenchi awiri. Hana adayenda wapansi, nsapato zili m'manja. Adanyamuka m'bandakucha ndi mai ake, osadzutsa bambo ake ngakhale malume ake, ndipo amuna awiriwo adatsatira pambuyo, aliyense mbali yake ya msewu.

Patapita nthawi, zilonda za m'manja zitasanduka zipsera, a Elifala adadzuka tsiku lina n'kuyenda kamtunda kaja komwe adakakana Lachisanu lija. Adapeza a Yeremiya pakhonde. Adakhala pansi, adavula chipewa, ndipo atapereka moni adafunsa ndi mawu ouma kuti kodi chidalakwika n'chiyani.

A Yeremiya sadaseke. Kudzitama kudali kutawathera, poti mlongo wawo adali asanapondenso pakhomo pawo chichitikire zija.

"Magalimoto a masiku ano, mbali ya batire yomwe ili ndi kamzere ndiyo imamangidwa ku chitsulo cha galimoto. Landirova zakale ngati ija n'zotembenuza. Ku chitsulo kumapita mbali ya mtanda. Inu mudailowetsa moto chobwerera wailesiyo. Mukadaikhazika pa thabwa kuti isakhudze chitsulo, n'kusinthanitsa mawaya awiriwo, ikadaimba."

"Basi?"

"Basi."

A Elifala adayang'ana m'zikhatho zawo. Yankho lonse lidali lalifupi kuposa nthawi yomwe adataya podula msomali. Adavala chipewa n'kunyamuka osatsanzika, ndipo a Yeremiya sadawaperekeze.

Landirova ija idakokedwa ndi ng'ombe kuchoka kudambo n'kubwezedwa pansi pa mbawa. Mawaya a mtundu wake sadapezeke ku Mponela ngakhale ku Lilongwe, ndipo dzinja limenelo odwala a m'mudzimo adapita kuchipatala pa machira. Matayala adaphwa, nkhuku zidayamba kuikira pa mpando wa dalaivala, pansi penipeni pa wailesi yomwe sidaimbepo nyimbo ngakhale imodzi.

Ena m'mudzimo amati wolakwa adali a Yeremiya, ndipo mlandu wawo ulipo ndithu, poti nzeru youmira ndi nkhanza. Koma a Yeremiya sadadule msomali. Munthu akapeza chisa cha njuchi koma osadziwa podyera, angathe kudana ndi mlenje wodziwa kufula uchi, angathe kumunena kuti ngodzikuza, komabe njuchi sizisintha kamangidwe kake chifukwa cha mkwiyo wake. A Elifala adafunsa ndithu, koma adafunsa uchi utatayika kale. Paja akuluakulu adati, safunsa adadya phula.